Lole Imodzi, Alimi 120

Lole yaikulu ya matani 30 imadzaza ndi matumba 600 a makilogalamu 50. Tinene kuti mlimi wa ku Mchinji kapena ku Dowa, amene munda wake sukwana n'komwe hekitala imodzi, wapatula chakudya cha pakhomo ndi mbewu yodzadzala chaka chamawa, ndipo watsala ndi matumba asanu a soya oti agulitse. Ndiye kuti lole ija ikufuna alimi 120 onga iyeyu kuti inyamuke. Kampani yoyenga mafuta ophikira ku Lilongwe, kapena yopanga chakudya cha nkhuku ku Blantyre, singayende khomo ndi khomo kwa anthu 120, kuyeza thumba lililonse ndi kunenerera mtengo ndi aliyense. Imafuna munthu mmodzi woti izikambirana naye, katundu wofanana, pa tsiku limene apangana. Pakati pa matumba asanu aja ndi geti la fakitale pali ntchito yaikulu yotolera, kusankha, kuumitsa, kuyeza, kusoka, kusunga ndi kunyamula. Ntchitoyi sithawika. Mkangano uli poti aigwire ndani, nanga kangachepe kotsalapo kalowe m'thumba la yani.

Pakali pano amene amaigwira kwambiri ndi venda. Epulo akangofika mumamuona pamphambano kapena pakhonde la golosale, sikelo ataikoloweka panthambi ya mango, ndalama zili m'kachikwama ka m'chiuno. Timamunena zambiri, ndipo zambirizo n'zoona. Sikelo yake nthawi zina imakhala yoseweretsa. Amagula mbewu zisanaumitsitse n'kudula mtengo ponena kuti n'zaziwisi. Boma limalengeza mitengo yoyambira chaka ndi chaka, a Malawi Bureau of Standards ali ndi udindo woyendera masikelo, koma pansi pa mango paja sipafikafika munthu wa boma. Komabe venda ali ndi zimene mlimi sangazipeze kwina msanga. Amabwera pafupi, moti mayi atha kusenza ndowa imodzi n'kukagulitsa nsima ya masana isanapse. Sabweza katundu. Koposa zonse, amalipira pompopompo. Ndipo ambiri mwa mavendawa ndalama zimene amagulira si zawo. Amatumidwa ndi amalonda akuluakulu a m'tauni, omwe aja amene gulu la alimi limalakalaka litamawagulitsa mwachindunji.

Achikulire amakumbukira nthawi imene funsoli linali ndi yankho limodzi. ADMARC, yomwe idakhazikitsidwa mu 1971 kulowa m'malo mwa Farmers Marketing Board, inali ndi misika mpaka kumidzi yakutali, ndipo mtengo unali umodzi kaya muli ku Chitipa kaya ku Nsanje. Mlimi ankadziwa kokagulitsa. Chimene sankauzidwa n'chakuti mtengo umene ankalandira, makamaka pa fodya, thonje ndi mtedza, unali wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene bungwelo linkagulitsira, ndipo phindu lake lambiri linkakathandiza maesiteti ndi makampani ena. Mu 1987 boma lidatsegulira amalonda wamba msika wa zokolola. Misika ina ya ADMARC idatsekedwa, ina n'kumatsegulidwa mochedwa alimi atagulitsa kale, ndipo mavenda adalowa pampata umenewo.

Alimi nawo sadakhale manja lende. NASFAM idabadwa mu 1997 kuchokera ku makalabu a alimi a fodya wa bale, amene adaona kuti kuchita hayala lole imodzi popita ku okushoni kunkatchipa kusiyana ndi aliyense payekha. Dongosolo lake ambiri atengerapo: kalabu ya anthu 10 mpaka 15 odziwana, makalabu angapo kukhala ndi malo amodzi otolerera katundu, kenaka asosiyeshoni yoyankhula ndi ogula. Lamulo la makopaletivi la 1998 lidapereka njira yoti gulu lilembetse ku boma, likhale ndi akaunti ku banki ndi kusainira mapangano m'dzina lake. Lero palibe boma limene lilibe makopaletivi. Okhala ndi chikwangwani ndi ochuluka. Odzaza lole chaka chilichonse ndi ochepa.

Ine ndimaona kuti chifukwa chake chachikulu si ulesi kapena umbuli, monga ena amanenera pamisonkhano. Nkhani yagona pa nthawi imene ndalama zimafika. Wopikula wamkulu akalandira katundu amayamba wamuyeza chinyezi, kumuunika zinyalala, kulemba mapepala, ndipo ndalama zimalowa mu akaunti patapita sabata ziwiri, mwezi, nthawi zina kuposerapo. Lole isanapite n'komwe, gulu limakhala litadikira kuti matumba akwane, mwina mwezi wina wathunthu. Tsono taganizani za mlimi mu Meyi. Wangotuluka m'miyezi ya njala, ali ndi ngongole ya ku banki m'khonde, ina ya katapila, aganyu amene adamuthandiza kukolola akubwera m'mawa uliwonse kudzakhala pakhonde, mwana wabwezedwa ku sekondale chifukwa cha fizi. Apampando akamuuza kuti, "Bambo, pirirani pang'ono, mtengo wa ku Lilongwe ndi wabwino," iye samatsutsa. Amavomera ndi mtima wonse, usiku n'kukweza matumba awiri panjinga. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Alimi makumi angapo akachita chimodzimodzi, gulu limene lidalonjeza matani 30 limapezeka ndi 11, wopikula n'kunena kuti alimi ndi osakhulupirika, ndipo chaka chotsatira sayankhanso foni.

Kudikira kuli ndi mtengo wake weniweni m'dziko limene ndalama imagwa mphamvu. Mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene adali atapereka katundu pangongole sabata yapitayo adalandira ndalama zomwezo zimene adagwirizana, koma thumba la feteleza litasintha kale mtengo.

Pali ulimi umodzi umene kugulitsa pamodzi kudakhazikika bwino kuposa kwina konse, ndiwo wa mkaka, ndipo n'kofunika kuona chifukwa chake. Ku Thyolo, ku Chiradzulu ndi ku Mulanje alimi ali m'magulu otolera mkaka a pansi pa Shire Highlands Milk Producers Association; m'chigawo chapakati muli CREMPA, kumpoto Mpoto Dairy Farmers Association. Mukafika pamalo otolerera dzuwa lisanakwere, mumapeza njinga zitatsamira pakhoma, zigubu zili pamzere. Kalaliki amaviika kachipangizo koyandama kuti aone ngati mkaka wathiridwa madzi. Amatapanso pang'ono n'kusakaniza ndi sipiriti. Ukagwirana timibulumibulu ndiye kuti wayamba kusasa.

"Mayi, walerowu ubwerere. Mwasakaniza ndi wadzulo."

"Iyayi achimwene, ndakama mbandakucha."

"Taonani nokha m'mbalemu."

Mayiyo amanyamula chigubu chake mosanyinyirika kwambiri, chifukwa onse ali pamzerewo akudziwa kuti malita ake ochepawo akalowa m'thanki yoziziritsa, lole ya fakitale ikhoza kukana thanki yonse. Wolandiridwa umalembedwa m'buku la gulu ndi m'kabuku ka mlimi, ndipo kumapeto kwa mwezi amalandira ndalama zake atachotsa za magetsi, za ogwira ntchito ndi ngongole ya mankhwala kapena chakudya cha ng'ombe. Makampani monga Lilongwe Dairy ndi Suncrest Creameries amadalira magulu otere.

Mkaka umawakakamiza anthu kugwirizana. Sungasungidwe m'nyumba kudikira mtengo, ndipo mlimi mmodzi sangagule thanki. Ng'ombe imakamidwa tsiku lililonse, choncho ndalama zimabwera mwezi ndi mwezi ngati malipiro a pantchito, osati kamodzi pachaka. Kuyeza kumachitika pamaso pa onse. Sikuti mavuto kulibe. Magetsi akathima nthawi yaitali jenereta ilibe dizilo, mkaka wa mudzi wonse umatayika. Alimi amadandaula kuti mtengo wa fakitale umakwera mochedwa pamene madeya akukwera mwezi uliwonse, ndipo amene ali pafupi ndi tauni amapatutsako malita ena kwa anyamata a njinga ogulitsa m'makomo. Koma gulu silitha, popeza tsiku limene anyamatawo sabwera, thanki ilipo.

Mbewu zouma zilibe chingwe choterocho. Soya, mtedza, nyemba, nandolo ndi chimanga munthu atha kuzisunga kuchipinda n'kumagulitsa ndowa imodziimodzi, ndiye gulu liyenera kupereka chifukwa chomveka choti azibweretse. Chifukwa china ndi msika umene venda sangafikeko. Alimi a mtedza a Mchinji Area Smallholder Farmers' Association adalandira chiphaso cha Fairtrade mu 2004 ndipo mtedza wawo udayamba kugulitsidwa m'masitolo a ku Britain. Mpunga wa Kilombero wa alimi a ku Kaporo ku Karonga uli m'mapaketi m'masitolo a m'tauni muno, ndipo wina udafika mpaka ku Scotland. Koma msika wabwino umabwera ndi diso lakuthwa. Mtedza uli ndi mdani wake, chuku, chimene chimatulutsa poizoni wosaoneka ndi maso. Chizolowezi chowaza madzi makoko kuti afewe posenda, kapena kuti thumba lilemere, ndicho chimachulukitsa chukucho. Venda safunsa zimenezo. Fakitale yopanga chiponde imatenga zitsanzo m'matumba angapo, ndipo ikapeza vuto imabweza katundu yense, wa wosamala ndi wosasamala yemwe. N'chifukwa chake magulu odziwa ntchito amayeza ndi kusankha katundu pakhomo la nyumba yosungiramo, mwini wake ali pomwepo, n'kulemba nambala yake pathumba. Ntchito yobweza thumba la mlamu wako kapena la a nyakwawa si yamasewera, ndipo magulu ambiri amagwera pomwepa, osati pa masamu.

Njira imene idayesedwa pofuna kuthana ndi vuto la ndalama ndi ya malisiti a nkhokwe. Agricultural Commodity Exchange for Africa, imene ambiri amangoti ACE, idayamba dongosololi mu 2011, ndipo msika wina wotere, wa AHCX, udatsegulidwa mu 2013. Mlimi kapena gulu limapereka mbewu ku nkhokwe yovomerezeka, zimapetedwa, kuyezedwa ndi kupatsidwa giredi, mwini wake n'kulandira lisiti. Ndi lisitilo atha kukongola gawo la mtengo wa katunduyo lero, n'kudzagulitsa mtengo ukakwera cha mu Novembala kapena Januwale. Papepala n'zokoma. Koma pali lendi ya nkhokwe, chiwongoladzanja cha banki chimene kuno n'chokwera, ndi thiransipoti yokafikitsa katundu kumeneko. Mtengo ukakwera pang'ono chabe, zonsezi zimadya phindu. Amene adapindula kwambiri ndi njirayi ndi amalonda okhala ndi matani ambiri kusiyana ndi mlimi wa matumba asanu. Ndipo mtengo sukwera chaka chilichonse. Mu 2017 India, amene amagula nandolo wathu wambiri, adaika malire a matani 200,000 pa nandolo wolowa m'dziko lake. Mitengo ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Zomba idagwa mpaka alimi ena kusiya nandolo m'munda. Gulu limene lidasunga chaka chimenecho lidapweteka kuposa amene adagulitsa kwa venda koyambirira. Boma nalo likatseka kapena kutsegula malire pa chimanga mwadzidzidzi, zowerengera za amene adasunga zimasokonekera.

Pa ndiwo zamasamba nkhani ndi ina. Aliyense woyenda pamsewu wa M1 amadziwa milu ya tomato, kabichi, anyezi ndi karoti ku Bembeke, ku Lizulu ndi ku Jenda, komanso mbatatesi za ku Tsangano. Anthu amadabwa kuti bwanji masitolo akuluakulu ndi mahotela ena amaitanitsabe zina mwa zimenezi kuchokera ku South Africa. Yankho lake ndi lakuti hotela sifuna phiri la tomato mu Seputembala. Imafuna makireti ochepa Lolemba ndi Lachinayi lililonse, chaka chonse, ngakhale mu Febuluwale pamene mvula ndi matenda zaononga tomato m'minda yambiri. Choncho kusonkhanitsa kwa mbewu zotere kumayambira pofesa. Gulu liyenera kugawana masabata, uyu afese sabata ino, uyo sabata ziwiri zikubwerazo, mtundu umodzi wa mbewu, ndipo wina avomere kuti tomato wake adzapsa nthawi imene mtengo wa pamsewu ndi wokwera koma adzamuperekabe pa mtengo wa pangano. Kumuuza munthu tsiku lofesa m'dimba lake lomwe n'kovuta kuposa kumupempha thumba. Pamafunikanso makireti, chifukwa dengu lalikulu limaphwanya wapansi. Sitolo ikasankha wokongola yekhayekha, wotsalayo amafunanso msika tsiku lomwelo. Apa m'pamene amayi oodetsa ku Limbe kapena ku Wakawaka amapambanira mapulojekiti ambiri: amafika m'mamawa, amatenga wamkulu ndi wamng'ono yemwe, amadziwa kokamwaza aliyense, ndipo dzuwa likamalowa ndalama zazungulira kale. Gulu lanzeru siliwathamangitsa amayiwa. Limawasunga ngati msika wake wachiwiri.

Sukulu zogonera, zipatala ndi ndende zimadya nyemba ndi chimanga chochuluka, ndipo zili m'maboma momwemo. Zikadakhala msika wabwino koposa wa alimi oyandikana nazo. Chovuta ndi mapepala a tenda, chiphaso cha msonkho cha MRA, ndi kuchedwa kwa malipiro kumene wamalonda wa mpamba waukulu yekha ndiye angapirire. Pamene zayendako bwino ndi m'sukulu zina za pulayimale ku Dedza, ku Salima ndi ku Mangochi, kumene World Food Programme idayamba kupereka ndalama kuti sukulu zizigula chakudya cha ana kwa magulu a alimi a m'deralo. Mtunda ndi waufupi, wogula amadziwika nkhope, ndipo chimene chikufunika chimadziwika teremu isanayambe.

Tsono pali nkhani imene anthu amaikamba monong'ona, ya ndalama za gulu. Pafupifupi dera lililonse lili ndi mbiri ya komiti imene idapita kukagulitsa katundu n'kubwerako ndi nkhani m'malo mwa ndalama: lole idaonongeka panjira, fakitale idadula makilogalamu, tidagona masiku atatu pamzere. Zina zimakhala zoona ndithu. Koma ngati palibe pepala la pa sikelo ya fakitale loti aliyense aone, choona ndi bodza zimamveka chimodzimodzi. Airtel Money ndi Mpamba zathandizapo, chifukwa gawo la mlimi litha kupita pafoni pake osadzera m'thumba la msungichuma. Zathandizanso amayi, amene kawirikawiri ndiwo amalima ndi kusenda mtedza koma dzina lolembedwa m'buku n'kukhala la bambo. Magulu amene akula amafika polemba ntchito manijala wolipidwa, wodziwa mabuku, amene komiti ingamuchotse akalakwa. Kudalira anthu ongodzipereka kumatheka pa matumba 50. Pa matani 200 munthu amatopa, kapena amayamba kudzilipira yekha mwakachetechete.

Nyumba zosungiramo katundu zimene mabungwe adamanga n'kuchoka, lero zina zikugona mbuzi, zimatiphunzitsa kuti kuyamba ndi njerwa n'kuyambira kumchira. Pulojekiti ya AGCOM, ya boma ndi World Bank, imene idayamba mu 2018, idayesa kutembenuza zimenezi. Gulu limayenera kukhala ndi pangano ndi wogula lisanapemphe thandizo, ndi kusonkha 30 peresenti ya mtengo wa chimene likufuna, kaya ndi nkhokwe, thirakitala kapena makina. Mfundo yake ndi yabwino, chifukwa munthu sasiya kusamala chimene adaikapo ndalama yake. Mbali ina yake ndi yakuti osaukitsitsa, amene sangakwanitse sheya, amatsalira kunja, ndipo ndi omwewo amene venda amawadyera kwambiri. Komanso pangano la papepala silimanga munthu kwenikweni. Mtengo wa pamsika ukakwera mlimi amathawa, ukatsika wogula amapeza chifukwa chokanira katundu, ndipo palibe wa iwo amene angapite kukhoti chifukwa cha matani khumi. Mapangano amene amakhalitsa ndi amene saika mtengo umodzi wokhomerera, koma amati mtengo udzakhala wa pamsika wa tsikulo kuonjezapo kenakake ka giredi yabwino, ndi malire apansi amene sudzatsikirapo.

Si gulu lililonse liyenera kulota za lole ya matani 30. Kwa kalabu yongoyamba kumene, phindu loyamba litha kupezeka osachoka m'mudzi: kugwirizana tsiku limodzi logulitsa, kuunjika katundu wosankhidwa kale pamalo amodzi, kufunsa pafoni mitengo ya m'tauni, n'kuitana ogula atatu kapena anayi kuti apikisane. Wogula amene wapeza matumba 80 pamalo amodzi wapulumutsa mafuta ndi masiku oyendayenda, ndipo atha kuonjezapo mtengo popanda kuluza. Gulu silinatenge ngongole, silinachite hayala galimoto, ndipo aliyense wawerenga ndalama zake dzuwa lisanalowe. Nthawi zina, mukachotsa thiransipoti, matumba, onyamula, makilogalamu otayika pouma ndi chakudya cha operekeza katundu, kusiyana kwa mtengo wa ku Lilongwe ndi wa pakhomo kumatsala kochepa kwambiri moti ulendowo sukhala waphindu. Masamu amenewa ndi ofunika kuwachita pabolodi, anthu onse akuona, lole isanaitanidwe.

Magulu amene apitirira pamenepa pafupifupi onse ali ndi thumba lawolawo logulira. Limachokera ku masheya, ku kandalama kodulidwa pa kilogalamu iliyonse, kapena kwa wogula amene wafika powakhulupirira mpaka kuwapatsiratu ndalama zina. Mlimi akabweretsa thumba amalandira pomwepo mtengo wofanana kapena woyandikira wa venda, ndiye alibenso chifukwa choyendera usiku. Gulu likagulitsa n'kuchotsa zonse zimene lawononga, chotsalacho chimagawidwa molingana ndi makilogalamu amene aliyense adabweretsa, osati molingana ndi udindo. Thumba lotere silidzaza chaka chimodzi, ndipo pa zaka zoyambirira gulu limangogula gawo la zokolola za mamembala ake, zina n'kuzilola kupita kwa venda popanda kuimbana mlandu. Malipiro achiwiriwo kawirikawiri amatuluka cha mu Okutobala kapena Novembala, ndalama za kukolola zitatha kale m'nyumba zambiri, anthu akusakasaka ya mbewu ndi feteleza.